Mutu 12: Kusonkhanitsa Maola a Woulutsa Ndege

Ntchito zambiri za pansi pano munthu amazilowa ndi pepala la mayeso: akakhoza amamuveka mkanjo ndi chisoti, namuuza kuti apite akatumikire mtundu wake. Ntchito youlutsa ndege siitero ayi. Ngakhale mnyamata kapena mtsikana atakhala wanzeru zotani, ngakhale ataloweza mabuku onse a za mphepo ndi mitambo, a za injini ndi mapiko, kufikira aphunzitsi ake atasowa chomufunsa, palibe boma limene lingamulole kunyamula anthu ndi katundu molandira malipiro asanaonetse, m'buku lolembedwa ndi dzanja lake ndi kuchitiridwa umboni ndi ena, kuti wakhala m'mlengalenga maola okwanira. Mutu uno ukunena za maola amenewo, kuchuluka kwake, mitundu yake ndi ndondomeko yowasonkhanitsira. Ukunenanso za mapiri a Dedza, chifukwa zimene mapiriwo amaphunzitsa mwana wokulira m'menemo ndi zomwezo zimene woulutsa ndege ayenera kuzigwiritsa ngati afuna kukalamba pa ntchito yake.

Chimene lamulo lifuna

Mu December 1944 mayiko adasonkhana mu mzinda wa Chicago ku America napangana za kayendedwe ka ndege za anthu wamba, ndipo m'pangano limenelo mudabadwa bungwe la ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada. Dziko la Malawi lili m'bungweli, ndipo malamulo athu a za ndege, amene lamulo la 2017 lidawaika m'manja mwa Malawi Civil Aviation Authority, amatsata muyeso wake.

Ziphaso za woulutsa ndege zilipo zitatu zotsatizana. Choyamba ndi PPL, chimene amalandira munthu wa zaka 17 atauluka maola osachepera 40. Chimamulola kunyamula abale ndi abwenzi, koma osalandirapo malipiro ngakhale tambala imodzi. Chachiwiri ndi CPL, chiphaso cha ntchito, chofuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati onsewo adachitika pansi pa maphunziro ovomerezeka a sukulu imodzi. Chachitatu ndi ATPL, chimene kaputeni wa ndege zikuluzikulu ayenera kukhala nacho, ndipo chimafuna zaka 21 ndi maola 1,500. Dziko lililonse lili ndi ufulu wowonjezera pa muyeso umenewu: ku South Africa PPL imafuna maola 45, ndipo ku America wophunzira wa njira yawamba amafunika maola 250 kuti alandire CPL.

Koma maola 200 aja sali a mtundu umodzi. Mwa iwo, 100 ayenera kukhala amene wophunzirayo adali mwini ulamuliro wa ndege, amene m'buku amalembedwa pa mzere wa PIC. Kwa wa maphunziro ovomerezeka aja chiwerengerochi chimatsika kufika pa 70. Maola 20 ayenera kukhala a maulendo ochoka pa bwalo lina kupita pa lina akulamulira yekha, ndipo umodzi wa maulendowo ukhale wa makilomita osachepera 540, wotera ndi kuimiratu pa mabwalo awiri osiyana. Maola 10 ndi ophunzira kuyendetsa poyang'ana zipangizo zokha, osadalira kuona kunja. Ndipo wofuna kuuluka usiku amafunika maola 5 a mumdima, m'mene anyamuke kasanu ndi kutera kasanu ali wolamulira. Ola limayamba kuwerengedwa pamene ndege yasuntha ndi cholinga chonyamuka, nilitha pamene yaima pa mapeto a ulendo.

Pakati pa chiphaso choyamba ndi chachiwiri, tsono, pali mtunda wa maola pafupifupi 150, ndipo pa mtunda umenewu m'pamene ambiri amafookera, ena chifukwa ndalama zatha, ena chifukwa adauluka maola ambiri a mtundu wosafunika nasiya ofunika.

Njira ziwiri, ndi kumene zimapita

Wina amalowa sukulu imodzi, nakhala m'menemo kuyambira tsiku loyamba kufikira atalandira CPL, ola lililonse litakonzedweratu ndi aphunzitsi. Njira imeneyi ndi yachangu, koma imafuna kuti chuma chonse chikhalepo pa nthawi yochepa. Wina amatenga PPL, napuma kuti afune ndalama, nabwereka ndege ola ndi ola, nabwereranso kusukulu kukamaliza. Iyi ndiyo njira ya ana a anthu ambiri, ndipo ndiyo imene ifuna nzeru ya kukonza, popeza woyang'anira ndondomeko yake ndi mwini wake yemweyo.

Amalawi ambiri amene akuulutsa ndege lero adakaphunzira kunja. Sukulu zilipo pa mabwalo a Lanseria, Rand ndi Wonderboom kufupi ndi Johannesburg ndi Pretoria, ku Port Alfred m'mphepete mwa nyanja yamchere, pa bwalo la Wilson ku Nairobi, pa Charles Prince ku Harare, ku Lusaka, ku Addis Ababa, ndi ku Soroti m'dziko la Uganda kumene sukulu yake idatsegulidwa mu 1971. Kaputeni Yolanda Kaunda, amene mu 2016 adakhala mayi woyamba wa Chimalawi kufika pa udindo wa kaputeni, adaphunzira ku South Africa, ndipo mu March 2017 adatsogolera ulendo wa Malawian Airlines wopita ku Dar es Salaam umene onse otumikira m'ndegemo adali amayi. Mtsikana wa ku Bembeke kapena ku Linthipe asayese kuti njira imeneyi adaitsekera amuna okha.

Chiphaso ndi cha dziko limene lachipereka. Amene ali ndi chiphaso cha ku South Africa, kumene ndege zake zimalembedwa ZS, sangangokwera ndege ya kwathu yolembedwa 7Q naiulutsa akuluakulu a za ndege a kuno asanavomereze chiphasocho. Ndipo amene afuna kusonkhanitsa ena mwa maola ake kuno kumudzi, kumene chakudya ndi pogona sizimudya ndalama, ayambe walembera sukulu yake ndi boma la dziko limene adzayesedwe, kufunsa ngati maolawo adzawerengedwa, nasunge yankho lolembedwalo. Safunsa adadya phula.

Ndondomeko ya zinthu

Choyamba cha zonse ndi dokotala. PPL imafuna chikalata cha thanzi cha Class 2 chokha, koma CPL imafuna cha Class 1, m'mene amapima maso ndi kusiyanitsa mitundu, makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Banja lanzeru limatumiza mwana kukapimidwa pa muyeso wa Class 1 lisanagulitse ng'ombe ngakhale imodzi, pakuti n'chisoni chachikulu kuti munthu athe maola 100 ndi chuma cha mbumba yonse, kenaka n'kumva kuti diso lake silisiyanitsa nyali yofiira ndi yobiriwira.

Chachiwiri ndi kuuluka pafupipafupi pa nthawi ya PPL. Dzanja limene lagwira chiwongolero katatu kapena kanayi pa sabata limakumbukira. Limene lagwira kamodzi pa mwezi limayambanso pachiyambi, ndipo mwini wake amalipira kawiri phunziro limodzi. Nkwabwino kuchedwa kuyamba mpaka ndalama za PPL yonse zitakwana kusiyana ndi kuyamba msanga n'kumadukiza.

Chachitatu ndi chilolezo cha usiku, chimene chiyenera kutengedwa PPL itangotuluka, maola ambiri asanawonongedwe; pakuti amene ali nacho, ola limodzi la ulendo wa usiku limamudzazira mizere itatu nthawi imodzi, wa ulamuliro, wa ulendo wautali ndi wa mdima. Momwemonso, amene akudziwa kuti adzafuna chilolezo choulukira m'mitambo, chimene makampani a ndege amachifuna kwa aliyense, akumbukire kuti chimenecho chimafuna maola 50 a maulendo aatali ali wolamulira ndi maola 40 a zipangizo. Wozungulirazungulira pamwamba pa bwalo la kwawo maola 80 adzapeza kuti mzere umenewo uli wopanda kanthu.

Tiyerekeze kuti wina watenga PPL ali ndi maola 55, ndipo mwa amenewo 15 okha ndiwo adauluka yekha. Kuti afike pa 200 kwamutsalira 145; kuti afike pa 100 a ulamuliro kwamutsalira 85. Otsala 60 ndiwo gawo la mphunzitsi: usiku, zipangizo, ndi kukonzekera mayeso otsiriza. Akauluka yekha onse 145, adzafika pa 200 asanaphunzire zipangizo, ndipo adzalipira maola ena makumi angapo pamwamba. Akakonda kukhala ndi mphunzitsi pambali nthawi zonse, adzafika pa 200 ali ndi ulamuliro wosakwana. Masamu amenewa ayenera kulembedwa papepala tsiku limene PPL yalandiridwa, ndi kuonedwanso pakatha maola 25 alionse. Ndipo maola khumi kapena khumi ndi asanu otsiriza asungidwire mphunzitsi amene adzachotse zizolowezi zoipa zimene munthu amatola akamauluka yekha, kuti woyesa mayeso adzapeze dzanja lowongoka.

Chachinayi ndi mayeso a m'kalasi: malamulo a m'mlengalenga, zanyengo, kupeza njira, kapangidwe ka ndege ndi injini, kuwerengera katundu ndi mafuta, mphamvu ndi zofooka za thupi la munthu, ndi kalankhulidwe ka pawailesi, kamene kamafuna Chingerezi chofika pa Level 4. Mayesowa ali ndi nthawi yake yothera mphamvu. Ku Ulaya, mwachitsanzo, munthu amapatsidwa miyezi 18 kuti akhoze onse, ndi miyezi 36 kuti atenge chiphaso mayesowo asanathe mphamvu. Wolemba msanga kwambiri ndalama za maola zisanaoneke adzalembanso. Wochedwa kwambiri adzakhala pansi ndi mabuku pamene dzanja lake likuzizira.

Ola lodzaza ndi ola lopanda kanthu

Buku la maola lili ngati nkhokwe. Wodutsa panjira amaona kuti yadzaza mpaka kudenga, nayamikira mwini wake. Koma mwiniyo ndiye adziwa ngati muli chimanga chokhwima kapena zitsononkho ndi makoko, ndipo njala ya mu February ndiyo imaulula zoona. Anthu awiri angathe kukhala ndi maola 200 aliyense, wina ali wokhwima, wina asanasiyane kwenikweni ndi tsiku limene adatenga PPL.

Chifukwa chake ulendo uliwonse ukhale ndi phunziro lake lolembedwa ndege isanalizidwe. Lero ndisunga msinkhu umodzi osakwera kapena kutsika kupitirira mafiti 100. Mawa ndiyenda ndi mapu, kampasi ndi wotchi, GPS ili yongoonerapo pa mapeto. Mkucha ndisintha njira ndili m'mwamba ndi kuwerengera mafuta ofikira bwalo lina. Tsiku lina nditera mphepo ikuwomba cham'mbali, kapena pa bwalo lalifupi la udzu, kapena pa bwalo lalikulu pamene a pansanja amalankhula mofulumira pakati pa ndege zazikulu. Akatera, alembe chimene chidayenda bwino ndi chimene chidakhota. Anzake awiri akagwirizana kubwereka ndege imodzi, Cessna 172 kapena Piper Cherokee, wina popita wina pobwera, amafika kutali kawiri ndipo amaphunzitsana; koma adziwe kuti m'ndege ya woyendetsa mmodzi ola ndi la amene akulamulira, ndipo winayo salemba kanthu pokhapokha lamulo la dzikolo litanena mwina.

Kukhwima kumaonekera ndege idakali pansi. M'mawa wa mu June, udzu uli ndi mame ozizira, woulutsa ndege amazungulira ndege yake akugwira chilichonse ndi dzanja. Kenaka amagwada pansi pa phiko ndi kabotolo koonekera, nakankha kampopi kakang'ono, nakhetsa mafuta pang'ono, nawakweza kuloza kuwala. Mafuta a avgas ndi abuluu wotuwa. Ngati usiku wozizira wasiya chinyezi m'thanki yosadzaza, pansi pa kabotoloko pamakhala kadontho koyera kosasakanikirana ndi mafutawo, ndipo kadontho kameneko n'kokwanira kutsamwitsa injini ndege itangochoka pansi. Amene achita mwambo umenewu pa ulendo wa 150 mosamala monga adachitira pa ulendo woyamba, ameneyo maola ake ali ndi chimanga.

Zimene mapiri a Dedza amaphunzitsa

Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, makilomita 85 kummwera kwa Lilongwe, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198, ndiwo mafiti oposa 7,200. Kummawa dziko limatsetsereka modzidzimutsa pa Khwekhwelere kufika ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, mpaka kunyanja kumene madzi ake ali pa mamita osafika 500. Kummwera chakuzambwe kuli dziko la Angonia ku Mozambique. M'dera laling'ono chotere muli pafupifupi mayesero onse amene woulutsa ndege zazing'ono adzakomana nawo m'Africa muno.

Phunziro loyamba ndi la mpweya wopepuka. Munthu akakwera m'mwamba mpweya umachepa mphamvu, ndipo kukatentha umachepanso koposa. Phiko limasowa chogwira, injini imasowa chopuma. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mafiti 4,035, koma masana a mu October, kutentha kukafika madigiri 30, ndege imamva ngati ili pa mafiti pafupifupi 6,800. Ndipo popeza injini ya ndege zophunzirira imataya magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu yake pa mafiti 1,000 alionse, gawo limodzi mwa asanu la mphamvuyo limakhala litapita ndege isanasunthe. Idzathamanga mtunda wautali isanadzuke, idzakwera mwaulesi, ndipo phiri limene pamapu lidaoneka lapafupi kulidumpha lidzakula pa galasi mofulumira kuposa mmene ndege ikukwerera. Amene adaphunzira ku Port Alfred, pamene bwalo lili pafupi ndi msinkhu wa nyanja, atenge mphunzitsi wa kuno maola angapo asanayese yekha. Ndipo aliyense azolowere kunyamuka m'mamawa kukali kozizira, atayeza pa sikelo anthu, katundu ndi mafuta.

Phunziro lachiwiri ndi la chiperoni. Kuyambira mu May kufikira mu August, mphepo yachinyezi yochokera kummwera chakummawa imakwera zitunda, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Ndipo aliyense wa ku Dedza adaonapo mmene mitengo ya paini ya m'phiri ndi milongoti ya pansonga zimazimiririka m'kanthawi kochepa, pamene ku Linthipe dzuwa likuwala. Lamulo la wouluka ndi maso limafuna kuti aziona makilomita 5 kutsogolo ndi kutalikirana ndi mitambo. Choopsa si nkhungu yokha ayi, koma mtima umene umati nditsikeko pang'ono, ndidutse pansi pake, kutsogoloku kwayera; pakuti mtambo ukamatsika nthaka ikukwera, malo a pakati amatha. Pa 10 June 2024 mtundu wonse udalira pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, yochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, nafa Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ndipo akatswiri a ku Germany amene adafufuza adapeza kuti ndegeyo, ikuuluka ndi maso, idalowa m'nyengo yosaoneka kutsogolo niwomba mtunda wokwera. Sitikumbutsa zimenezi kuti tiweruze akufa, amene tiwalemekeza, koma kuti wophunzira aliyense alembe mumtima mwake kuti kubwerera si manyazi. Mwa maola ake 200, lamtengo wapatali koposa lidzakhala lija limene adatembenuka pa Chimbiya nabwerera ku Lumbadzi ulendo usanathe, pakuti kuthamanga sikufika.

Phunziro lachitatu ndi la mphepo ya pamapiri. Mwera ukawomba mwamphamvu n'kukwera chitunda, kuseri kwake umatsika ngati mathithi, ndipo ungathe kukokera pansi ndege yaing'ono kuposa mmene injini ingaikwezere. Wodziwa amadutsa mtandadza wa phiri ali ndi msinkhu wotsala wochuluka, ndipo amaufika chopingasa, osati molunjika, kuti akamva kutsika apotolokere kuchigwa ndi kukhota kochepa.

Phunziro lachinayi ndi la kalendala. Kuyambira mu August mpaka mvula itagwa, utsi wa moto wa m'tchire umaphimba dziko kotero kuti malekezero a thambo saoneka. Kuyambira mu November kufikira mu April mitambo ya mabingu imakula masana, ndipo mabwalo a udzu amafewa. Wokonza bwino amaika maulendo ake aatali mvula itangotha, mu April ndi mu May, ndi pa masiku oyera a m'nyengo yozizira. Amasunga miyezi ya dzinja kuti akhale pa mabuku ndi mayeso, akuuluka pang'ono m'mamawa kuti dzanja lisaiwale. Amaika maola a usiku m'chilimwe, mwezi uli wowala, pa mabwalo okhala ndi nyali. Usiku wa kwathu ndi wakuda bii, midzi ilibe magetsi ambiri, ndipo pamwamba pa nyanja nyali za asodzi a usipa zimafanana ndi nyenyezi kotero kuti diso lingasokoneze pansi ndi kumwamba. Pamenepo zipangizo zokha ndizo zoyenera kukhulupiriridwa. Wophunzira ku Johannesburg adzapeza nyengo zofanana ndi zathu, dzinja la mabingu ndi chisanu chouma; wa ku Cape Town adzapeza zotembenuka, mvula ikugwa mu June ndi July.

Ulendo wa makilomita 540

Ulendo wautali uja ndiwo chiyeso cha zonse zimene taphunzira, ndipo sayenera kuuchita woyamba kapena kuusiya mpaka ndalama zitatsala pang'ono kutha. Kwa wonyamuka pa Lumbadzi, njira imodzi ndiyo kupita ku Chileka, mtunda wa makilomita pafupifupi 250, kuchoka apo kukatera ku Makokola m'boma la Mangochi, ndi kubwerera ku Lumbadzi. Zonse pamodzi zimangopitirira pang'ono muyeso wofunika, motero aziyeze pamapu mosamala ndi kuonetsa mphunzitsi, kuopa kudzamva pa tsiku la mayeso kuti padaperewera makilomita asanu.

Mzere wolunjika wa Lumbadzi ndi Chileka umadutsa kuzambwe kwa Dedza n'kulowa m'mlengalenga mwa Mozambique, popeza kuyambira pa Dedza kupita ku Lizulu msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni. Woulutsa ndege asankhiretu: kapena atsate njira yokhala mkati mwa Malawi, msewu uli chizindikiro chake, kapena akhale ndi chilolezo choyenera, khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Chigawo choyamba chimamukweza pamwamba pa mapiri a Dedza ndi Ntcheu, chachiwiri chimamutsitsira m'chigwa chotentha cha Shire, chachitatu chimamukwezanso chitunda kuchokera kunyanja dzuwa litapendeka, mpweya utatentha ndi kugwedezeka. Aimbiretu lamya eni bwalo lililonse kufunsa za chilolezo chotera, za mmene bwalolo lilili, ndi ngati avgas alipo, pakuti mabwalo ang'onoang'ono ambiri alibe. Lamulo limafuna mafuta otsala a mphindi 30 masana ndi 45 usiku, koma wanzeru amasunga a ola lathunthu. Akumbukirenso kuti mu June dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti faifi, ndipo chisisira cha kwathu sichikhalitsa.

Chuma ndi chilungamo

Ndege imalipiridwa pa ola, ndipo kumaiko akunja malipirowo ali m'marandi kapena m'madola. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023. Banja limene lidawerengera maphunziro a mwana m'makwacha lidadzuka m'mawa n'kupeza kuti maola amene lidasungira ndalama achepa kwambiri. Wofuna kumanga ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake wonse: ndege, mphunzitsi, msonkho wotera pa mabwalo, mayeso, dokotala chaka ndi chaka, chilolezo chokhalira m'dziko la eni, nyumba ndi chakudya pa masiku amene nyengo yaletsa kuuluka; napatulenso gawo lina la zogwa mwadzidzidzi, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Afunse ngati mtengo wa ola ukuphatikiza mafuta, ndi wotchi iti imene sukulu imawerengera. Kugula maola 20 kapena 30 nthawi imodzi kumatsitsa mtengo. Koma kupereka chuma chonse patsogolo kwa sukulu imodzi n'kuika moyo wa banja m'dzanja la munthu wina, ndipo sukulu zina zidatsekedwa ndalama za ophunzira zili m'kati.

Pamene ndalama zikutha ndipo maola asanakwane, limadza yesero lakuti cholembera chiwonjezere chimene ndege sidauluke. Muyeso wonyenga ndi chonyansa pa malonda alionse, koma pano ndi mlandu umene umalanditsa chiphaso, popeza maola a munthu amayerekezedwa ndi buku la ndegeyo ndi zolemba za pansanja. Ndipo ngakhale osagwidwa, wanamiza anthu amene tsiku lina adzakhala kumbuyo kwake ndi ana awo pamiyendo. Bukulo lilembedwe tsiku lomwelo, ndi inki, lisainidwe ndi woyenera, ndipo masamba ake ajambulidwe ndi kusungidwa kwina, chifukwa likatayika umboni wa zaka zingapo watayika nalo.

Pambuyo pa maola 200

CPL ikatuluka, mtunda wa ku maola 1,500 umayamba. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano munthu amalipidwa pouluka. Ena amakhala aphunzitsi, ena amanyamula alendo ndi katundu kupita ku Likoma, ku Chelinda pa Nyika, ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa, kapena ku Maun m'dziko la Botswana, kumene achinyamata ambiri a ntchitoyi amayambira. Wolemba ntchito pa malo otere amatsegula buku la maola, nayang'ana mabwalo amene munthuyo adaterapo, nyengo zimene adaulukamo, ndi maulendo amene adakonza yekha. Kenaka amakwera naye ola limodzi, ndipo ola limenelo limanena zoona za ena onse.

Inu makolo, atsibweni ndi aphunzitsi amene mwana wakuululirani khumbo limeneli, musamuseke, ndiponso musamuthamangitse. Mutumizeni kwa dokotala, mumuthandize kulemba ndondomeko yake ya maola, ya miyezi ndi ya ndalama, ndipo mumupezere woulutsa ndege amene ali pa ntchito kuti aione ndi kuikonza, popeza mutu umodzi susenza denga. Dziko lathu ndi lalitali, la mapiri ndi zilumba, ndipo lidzafuna ana ake amene adziwa mitambo yake ndi mphepo zake. Koma lidzawafuna ali okhwima, odziwa kuwerengera asananyamuke, ndi olimba mtima kunena kuti lero sitiuluka.